Achimwene, Diani si Mombasa

Achimwene, mwaswera bwanji? Chithunzi cha risiti chija ndachiona, ndiye ndati ndingojambula mawu, kulemba sinditha, ndili panjira ndikuweruka. Mukamva phokoso ndi ma tuk-tuk awa. Koma mumvetsere mpaka kumapeto chonde, osati muja mumachitira, kumva theka basi mwayamba kale kuyankha.

Hotela mwalipirayo si ya mu Mombasa ayi. Ndikudziwa, pa intaneti analemba kuti Mombasa, onse amalemba choncho kuti akope alendo, koma taonani bwino adiresi, yalembedwa Diani. Diani ili m'chigawo china, cha Kwale, makilomita ngati 30 kumwera kwa mzinda. Aaa achimwene, zaka zinayi ndili kuno, kundifunsa kaye kunavuta chiyani?

Ndikufotokozereni. Mombasa weniweni ndi chilumba. Ukachoka pachilumbapo kupita kumpoto umawoloka mlatho wa Nyali, kenako Nyali, Bamburi, Shanzu, ndipo ine ndimakhala ku Bamburi. Kumwera kulibe mlatho wochokera pachilumba, chifukwa mpamene pamadutsa zombo zikuluzikulu zolowa kudoko, ndiye anthu amawoloka pa pantoni ya Likoni. Kuwoloka kwenikweniko ndi mphindi zochepa, oyenda pansi salipira n'komwe. Chimene chimapha ndi mzere wa magalimoto, makamaka m'mawa ndi madzulo, nanji mu Disembala. Tsono tangoganizani, ine ndiweruke, ndidutse mlatho, ndidule mzinda wonse, ndidikire pantoni, kenako ndikwere minibasi mpaka Ukunda, tauni ya ku Diani. Ndikafika amayi atagona. Zaka zinayi osawaona, abwere mpaka kuno, n'kumalankhulanabe pafoni? Kunena zoona nditaona risiti ija misozi inalengeza.

Komabe musafulumire kukafafaniza, ndakudziwani inu, mukapsa mtima mumangodina. Mu Disembala malo amadzaza, anthu a ku Nairobi amatsikira kuno onse, mukataya amenewo simupezanso ena. Ndipo Diani ndi yokongola, pamenepo sindingakunamizeni, mchenga wake woyera mbee, wosalala, kuposa wa kuno kwathu ku Bamburi. Chimene muchite, alembereni a hotelawo kuti achotse masiku atatu omaliza. Anayi oyamba mukhale kumeneko, ine nditenga tchuthi Loweruka ndi Lamlungu ndibwere, ndiye atatu otsalawo mudzagone kwanga. Nyumba ndi yaing'ono koma tikwanamo, ana pamatiresi pabalaza, ndagulanso fani yatsopano. Mwezi wokha ndiye munasankha bwino. Mukanatengeka ndi kutchipa kwa Epulo kapena Meyi, bwenzi mukudzangoonera mvula pawindo.

Iii, ndisanaiwale, katemera! Mwabayitsa wa yellow fever? Dziko la Kenya lili m'gulu la mayiko omwe matendawa amapezekako, ndiye pobwerera akhoza kukufunsani kabuku kachikasu kaja pabwalo la ndege. Katemerayo amayamba kuwerengedwa pakadutsa masiku 10 chibayireni, musadikire sabata yonyamuka. Ubwino wake ndi kamodzi basi moyo wonse. Alamu anabaya kale ulendo wawo uja, angofufuza kabukuko, asabayenso. Koma amayi, popeza anapitirira zaka 60, musangowatengera pamzere. Aonane kaye ndi dokotala, iye ndiye anene ngati abaye kapena awalembere kalata. Mapasipoti nawonso muwatsegule lero lomwe, aliyense akhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala kuchokera tsiku lolowa. Ya chisamba wanu ndiyo ndikuyikayikira, ya ana imatha msanga.

Tinali pati? Eya, za njira. Mukatera ku Nairobi munati mukufuna sitima, ndipo ine ndikugwirizana nazo. Dzina lake Madaraka Express, inayamba kuyenda mu 2017, imanyamukira ku Syokimau, kufupi ndi bwalo la ndege, ulendo wake maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Musatenge yausiku. Njanji imadutsa m'nkhalango ya Tsavo, ana adzaone njovu pawindo osalipira kanthu, usiku adzaona chiyani? Matikiti ndigula ine pa M-Pesa, njira ya kuno yolipirira pafoni, mungonditumizira mayina monga alembedwera m'mapasipoti, chifukwa polowa amafananitsa. Musachedwe nazo, a Disembala amatha msanga. Sitimayo salowa pachilumba, imathera ku Miritini, ndipo apa mpamene mwapulumukira: kuli msewu watsopano wa Dongo Kundu wochokera komweko kulunjika kumwera, osadzera pa pantoni. Dalaivala mumuuze momveka, Dongo Kundu, ndipo mtengo mugwirizane musanakweze zikwama.

Za M-Pesa zomwezi, kuno ngakhale wogulitsa madafu, kokonati wamuwisi womwa madzi ake, pamsewu amalandira pafoni. Ndidzakupatsani simukhadi yanga ina. Mashilingi a m'manja mukhale nawo ochepa chabe a tuk-tuk.

Tsopano nkhani imene ikundisowetsa tulo ndi ana ndi nyanjayi. Mzime wanu uja ndimamuona m'mavidiyo, sakhazikika. Nyanja ya mchere ili ndi khalidwe lake, madzi amachoka n'kubwerera kawiri pa tsiku. M'mawa mutha kupeza aphwa, apita kutali, patsala miyala ndi timadziwe, anthu akuyenda wapansi kulowera kumatanthwe kumene mafunde amaswekera. Pakapita maola ngati asanu ndi limodzi malo omwewo ndi madzi opitirira munthu wamkulu. Ndipo pobwera sachita phokoso, amayamba kudzaza makwawa a kumbuyo kwako, iwe uli chiimire pamchenga wokwera ukujambula zithunzi, potembenuka njira yatsekeka. Nthawi yake imasuntha tsiku lililonse ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye musati dzulo tinapita 9 koloko, lero tipitenso 9 koloko. Mahotela ambiri amalemba nthawizo pabolodi, muziwerenga, kapena kufunsa polandirira alendo. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa ndiye madzi amakwera kwambiri.

Muwagulire ana nsapato zapulasitiki zomanga, osati mapatapata, amatengedwa ndi madzi. M'miyalamo muli tizilombo takuda tozungulira, thupi lonse minga yaitali. Ine ndinakaponda kamodzi chaka changa choyamba, minga inathyokera m'chidendene, sabata yonse ndikutsimphina kuntchito, anzanga akungondiseka. Ndipo alamu asamati ife akuda dzuwa silitiwotcha. Kuno tili pafupi ndi equator, ine ndinasupuka mapewa. Mafuta oteteza ku dzuwa, zipewa, madzi akumwa a m'botolo, ndipo kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko ana akhale pamthunzi. Amayi ndi BP yawo ija, kutentha kwa kuno n'kwa chinyontho, thukuta siliuma, mankhwala awo akhale m'chikwama cha m'manja osati chopakira. Usiku neti, udzudzu wa malungo uliko.

Pagombe mudzakumana ndi anyamata, wina ngamila, wina bwato la galasi pansi loonera nsomba, wina zigoba, wina akuti ndikuperekezeni kumatanthwe. Si akuba, akusaka ya chakudya, koma ukangoyankha moni wautali basi wagula. Mawu ake ndi awiri, hapana asante, kutanthauza ayi zikomo, n'kumayenda. Inuyo achimwene ndi chifundo chanu chija mudzabwera ndi zigoba thumba lonse. Mwana akafuna kukwera ngamila, mtengo kaye, ndipo mufunse ngati chithunzi chili momwemo. Kunenerera mudzandisiyire ine, Chiswahili ndimachithyola tsopano, mpaka kumsika amandiyesa wa konkuno.

Paja mwamva za mwana wa azakhali? Wandilembera dzulo, ati amve kuti mukubwera, nayenso akufuna aphatikizidwe, tikiti adzabweza Januwale. Yemwe uja sanabwezebe za chaka chatha! Ine ndangomuyankha kuti afunse inu, ndiye mukonzeke. Musanene kuti ndakuuzani.

Masiku a kwangawo ndakonza kale. Tsiku limodzi Haller Park, ili pafupi penipeni ndi nyumba, kale panali pokumba miyala ya simenti, anadzalapo mitengo mpaka kusanduka nkhalango. Kuli mvuu, ng'ona, akamba akuluakulu, ndipo ana amadyetsa nyamalikiti pamanja. Tsiku lina Fort Jesus, linga lomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593, Aarabu a ku Oman n'kudzalilanda mu 1698 atalizinga zaka zoposa ziwiri. Chisamba wanu amakonda mbiri, adzasangalala. Masitepe ake ndi ovuta, amayi adzakhale pamthunzi ndi ine tikumwa madafu, ndiwafunse nkhani zonse zimene mumandibisira. Tikatuluka tidzalowa mu Old Town, tikadye biriani. Kumeneko ambiri ndi Asilamu, ndiye zovala za kugombe zitsale kugombe, alamu atenge chofunda mapewa, inunso kabudula wofika m'maondo.

Mukudziwa, nthawi zina ndimamvetsera mauthenga akale a amayi ndili ndekha kukhitchini, kungofuna kumva chilankhulo. Basi, ndisayambe kulira mumsewu.

O, china, ndege yobwerera. Parisitipo sindinaone ngati mukukwerera ku Moi International Airport konkuno kapena mubwereranso ku Nairobi pa sitima. Ngati ndi Nairobi, musaike sitima ndi ndege tsiku limodzi, mugone kumeneko. Nditumizireni tsiku ndi nthawi yake usiku uno, pamodzi ndi mayina aja. Minibasi yanga yafika, moni kwa alamu, amayi muwauze ndiwaimbira mawa ndikaweruka.