Moto wa ku Majiya ndi mkwiyo wa anthu a ku Nigeria

Zikomo amfumu, zikomo akuluakulu a mipingo, amayi ndi abambo nonse. Achinyamata muli kumbuyoko tasenderani kuno, nkhaniyi ndi yanu kwambiri. Mafoniwo muyambe mwaika m'thumba.

Chimene amfumu andiitanira mukuchidziwa. Lole ya shuga ija itagwa pokhota paja, tonse tinaona zimene zinachitika. Dalaivala akubuula m'kati, anthu ali piringupiringu ndi matumba, ndi ana a yunifolomu omwe. Madzulo ake pa WhatsApp panayamba kuyenda kanema wa ku Nigeria uja, wa anthu akupsa pa thankala ya mafuta, ndipo ndinamva ena a inu pa bawo mukuti, "Aaa, amenewo ndi akuba, zawayenera." Mawu amenewo anandipweteka. Ine ndinakhalako ku Ibadan nthawi ya maphunziro, ndinadya nawo m'mbale imodzi anthu amenewo. Si akuba. Ndi anthu otopa. Ndipo paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Usiku wa pa 15 Okotobala 2024, pa tauni ya Majiya m'chigawo cha Jigawa kumpoto kwa Nigeria, thankala ya petulo inagubuduka. Mafuta anayamba kuyenderera m'ngalande. Anthu anadzutsana, wina ndowa, wina chigubu, wina poto. Kenako moto. Anafa anthu oposa 150, ambiri anaikidwa m'manda amodzi. Patangopita miyezi itatu, pa 18 Januwale 2025, zomwezo zinachitikanso pa Dikko m'chigawo cha Niger, oposa 80 anapita. Mvetsani bwino apa. Petulo chimene chimayamba kuyaka si madzi ake aja mukuwaona pansi, ndi mpweya wake, ndipo mpweyawo umakwawa pansipansi kufika patali. Ndowa yachitsulo ikangokhudzana ndi mwala, wina akangoliza njinga yamoto, wina ali ndi ndudu kukamwa, basi zatha. Ndiye chenjezo langa ndi ili: thankala ikagwa, thawani. Osatola, osajambula, osaonerera. Thawani.

Koma ndikangonena zimenezo n'kukhala pansi, ndiye kuti ndakunamizani. Anthu a ku Majiya ankadziwa kuti petulo amapsa. Chinawathamangitsira ku imfa n'chiyani?

Nigeria ndi limodzi mwa mayiko amene amakumba mafuta ambiri mu Africa muno. Anawapeza mu 1956 pa Oloibiri, dzikolo lisanalandire n'komwe ufulu mu 1960. Boma linamanga mafakitale oyengera mafuta ku Port Harcourt, ku Warri ndi ku Kaduna. Kwa zaka zambirimbiri mafakitalewo anangokhala chigonere, ndalama zowakonzera zikutuluka chaka ndi chaka, utsi osaoneka. Dziko n'kumagulitsa mafuta osayenga kunja, n'kumagulanso petulo kuchokera kunja komweko. Kuti anthu asalire kwambiri, boma linkaika sabuside pa petulo. Anthu wamba ankati ichi chokha ndiye chimene timalawako pa chuma cha dziko lathu.

Pa 29 Meyi 2023, tsiku lolumbira, Pulezidenti Bola Tinubu analengeza kuti sabuside yatha. Lita ya petulo imene inali yosakwana 200 naira, ndalama ya kwawoko, inafika cha m'ma 500 m'masiku ochepa. Pofika nthawi ya ngozi ya ku Majiya inali itafika cha m'ma 1,000. Ndalama yawo nayo inagwa: dola imene inali cha m'ma 460 naira inapitirira 1,500. Ife zimenezi sitifuna wotimasulira, tinaziona kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, m'mawa mwake mtengo wa sopo utasintha pa okala. Mu Julaye 2024 boma la Nigeria linakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa 70,000 naira pamwezi, koma thumba la mpunga la makilo 50 linali litapitirira kale ndalama imeneyo. Tsono taganizani, bambo woteroyo akuona petulo akuyenderera m'ngalande pakhomo pake.

Ndinene chilungamo, sabuside ija inalinso ndi mbava zake. Ena ankalandira ndalama za mafuta amene sanabwere n'komwe, ena ankawazembetsa kupita kumayiko a Benin, Niger ndi Cameroon. Onse atatu akuluakulu amene ankapikisana pa upulezidenti mu 2023 ananena kuti adzaichotsa. Chimene chinawawa anthu n'chakuti amene ankawauza kuti pirirani, iwowo sankapirira. Chaka chomwecho cha 2023 aphungu anagulidwira magalimoto atsopano, iliyonse ya ndalama zoposa 100 miliyoni naira. Mu Ogasiti 2024, mwezi umene anthu anali m'misewu kulira njala, kunafika ndege yatsopano ya pulezidenti. Pamenepo ndi pamene mtima wa munthu umatembenuka.

Ku Ibadan kuja, bambo amene ankandisunga anali mphunzitsi, munthu wopemphera, wofatsa. Kuseri kwa nyumba kunali kajenereta, pabwalo chitsime chokumbitsa yekha, ndipo mwezi ukatha ankasonkha ndi anzake ndalama yolipira alonda a mumsewu mwawo. Tsiku lina tikudya anawerenga ndi zala: magetsi ndimadzipangira ndekha, madzi ndekha, chitetezo ndekha, msewu timakwirira tokha, nanga boma ndimalionera pati? Magetsi akangobwera, ana a m'dera lonse ankakuwa ngati timu yagoletsa. Dziko la anthu oposa 200 miliyoni limeneli, magetsi amene amafika kwa anthu nthawi zambiri amangozungulira pa mamegawati 4,000 kapena 5,000. Aphunzitsi a m'mayunivesite a boma mu 2022 ananyanyala ntchito miyezi 8, ana ali pakhomo. Madokotala ndi manesi akungolongedza kupita ku Britain, ku Canada. Atsikana 276 anabedwa pasukulu ku Chibok mu 2014, ena mpaka lero makolo awo sanawaonenso. Inu amayi, mwana akachedwa pang'ono kuchokera kuchigayo mtima umakhala m'mwamba, nanga zaka zonsezo?

Musaganize kuti anangokhala chete. Mu Okotobala 2020 achinyamata anatuluka kukana gulu la apolisi lotchedwa SARS, limene linkagwira mnyamata chifukwa choti ali ndi foni yabwino kapena laputopu. Pa 20 Okotobala asilikali anaombera anthu pa Lekki mumzinda wa Lagos. M'masiku otsatira anthu anathyola nyumba zosungira katundu m'mizinda ingapo, n'kupezamo chakudya cha thandizo la Covid chitangounjikidwa, anthu akugona ndi njala panja. Mu Ogasiti 2024 anatulukanso masiku khumi, akuti utsogoleri woipa uthe. Bungwe la Amnesty International linati anthu osachepera 24 anaphedwa. Mu Novembala anyamata ang'onoang'ono amene anagwidwa pa zionetserozo anaonekera kukhoti ku Abuja pa mlandu woukira boma, ena anakomoka m'khoti momwemo chifukwa chofooka. Dziko litakuwa, pulezidenti analamula kuti amasulidwe.

Koma imene imandisowetsa tulo ndi ya Disembala 2024. Ku Ibadan komwe kuja kunalengezedwa kuti ana akalandira ndalama ndi chakudya pa chisangalalo cha Khirisimasi. Makolo analawirira ndi ana, ena anagona konko. Pa geti panali kukankhana, ana 35 anafa moponderezana. Patangopita masiku atatu, ku Okija anafa anthu 22 pa mzere wa mpunga, ndipo tsiku lomwelo ku Abuja anafa 10 pa tchalitchi pamene pankagawidwa chakudya. Mukuona chimene ndikunena? Amene akulakwitsa zinthu ali m'maofesi ozizira, amene akupsa ndi kupondedwa ndi osauka okhaokha. Mkwiyo ndi njala zikasowa kolowera zimapsereza mwini wake. Ndiye ndibwerezenso: thankala ikagwa thawani, ndipo komwe kukugawidwa zaulere mopanda dongosolo musapiteko ndi mwana kumsana. Inu agogo, ndinakuonani tsiku la makuponi lija muli pakati pa chikhamu ndi kamdzukulu. Musadzachitenso, chonde.

(Mnyamata wina kumbuyo: "Koma madala, ndiye mukuti atani? Kuchita mademo akuwaombera, kuvota anavota mu 2023, zinathandiza chiyani?")

Eya, funso limenelo ndi labwino, ndipo usakhale pansi msanga mwana wanga, ndikuyankhe bwinobwino. Achinyamata a ku Nigeria amafunsa chimodzimodzi, ndipo ali ndi chifukwa. Bungwe lawo loyendetsa zisankho, INEC, linalonjeza kuti zotsatira za pamalo aliwonse ovotera zidzaikidwa pa intaneti nthawi yomweyo. Pa 25 Febuluwale 2023 za upulezidenti sizinakwere pa nthawi yake, akuti makina anavuta. Atiku Abubakar ndi Peter Obi, amene ankapikisana ndi a Tinubu, anapita kukhoti mpaka ku khoti lalikulu, anagonja. Kukhumudwa kwawo sindikukupeputsa ayi.

Koma tamvera manambala awa. Olembetsa anali 93 miliyoni. Amene anakavota anali pafupifupi 25 miliyoni okha. A Tinubu anapambana ndi mavoti osakwana 9 miliyoni, m'dziko la anthu oposa 200 miliyoni. Ndiye kuti mwa anthu anayi olembetsa, atatu anakhala kunyumba. Ena anaopa zipolowe, ena analibe ndalama yoyendera chifukwa nthawi imeneyo ndalama zamapepala zinkasowa m'mabanki, koma ambiri anangoti palibe chisinthe. Wandale woipa munthu amene amamukonda kwambiri ndi wokwiya amene wakhala kunyumba. Ameneyo samuopa. Amangotsala ndi ochepa oti awagawire mpunga ndi kandalama m'mawa wa chisankho, basi wadutsa.

Ndipo pamene anatuluka, zinthu zinagwedezeka. Mu 2015 pulezidenti ali pampando, Goodluck Jonathan, anagonja, n'kuimbira foni Muhammadu Buhari kuvomereza. Chinali choyamba m'mbiri ya dzikolo. Mu 2023 momwemo a Obi anapambana ku Lagos, kwawo kwenikweni kwa a Tinubu kumene anakhalako bwanamkubwa zaka 8. Abwanamkubwa angapo amene ankafuna kuchoka pa mpando wa chigawo kulowa m'nyumba ya malamulo ya Senate anagwa chagada, monga Samuel Ortom wa ku Benue. Uziti a Buhari aja anakonza chiyani? Ambiri amene anawavotera analira, n'zoona. Voti si mankhwala omwa kamodzi. Ukavota n'kupita kukagona zaka zinayi, wabwino yemwe amasanduka.

Ifenso tili ndi umboni wathu. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti kuno kwathu linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Chinathandiza kwambiri si miyala ya pamsewu, anali mapepala a zotsatira, aja opakidwa Tippex, amene anthu anawasunga n'kuwatengera kukhoti. Mkwiyo umene uli ndi pepala m'manja ndi umene umaopsa wolamula. Ku Nigeria alipo achinyamata amene anazindikira zimenezi, bungwe la BudgIT. Amatenga bajeti ya boma n'kuilemba m'mawu osavuta, n'kupita kumudzi kukaona ngati chipatala chimene chalembedwa kuti chamangidwa chilipodi. Akapeza tchire amajambula, n'kulemba dzina la phungu wake. Palibe amene wapsa pamenepo. Za mademo, ndi ufulu wako, malamulo amalola. Koma ukaona anzako ayamba kuthyola sitolo ya mayi wogulitsa tomato, dziwa kuti mkwiyo wasochera, bwerera kunyumba. Wamva, mwana wanga? Khala pansi tsopano.

Ndikuona dzuwa lapendeka ndipo amayi ayamba kuyang'ana kunjira, ndiye ndithamange. Galimoto ya mafuta ikagwa, tengani ana muthawire kumene mphepo ikuchokera, patali ndithu, wina aimbire apolisi, ndipo pasapezeke woyatsa moto kapena kuliza njinga. Lole ya katundu wina ikagwa, yambani mwapulumutsa munthu, katunduyo ali ndi mwini wake. Kogawa zinthu, ngati palibe kaundula ndi mizere, bwererani, ndipo ana ndi okalamba asalowe m'chikhamu. Chitupa cha unzika chikhale chosatha ntchito, kalembera akabwera kalembetseni, tsiku lovota mukavote, ndipo zotsatira akazimata pakhoma muzijambule. Wandale akakupatsani kanthu mufunseni za mlatho. Kanema wa anthu akupsa uja mufufute m'mafoni, ndi ana a eni ake amenewo, ndipo mawu aja akuti zawayenera ndisadzawamvenso.

Amfumu, pempho langa ndi lakuti pa msonkhano wa mwezi wamawa muitane akhansala, abwere ndi mapepala a ndalama za chitukuko za dera lino, atiwerengere zimene zinalowa ndi zimene zinagwira ntchito. Alembi a komiti, lembani mayina a achinyamata atatu amene akapereke kalatayo. Iwe unafunsa funso uja, ukhale woyamba. Zikomo.