Kukuta chotsamiritsa mkono cha m'galimoto yakale

Takulandirani owonera athu. Lero tili ndi Mercedes-Benz W123, galimoto yomwe inapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1986, ndipo ntchito yathu ndi yokuta chotsamiritsa mkono chomwe chili pakati pa mipando iwiri yakutsogolo. Mipando ya magalimoto ambiri a mtundu umenewu inakutidwa ndi MB-Tex, vinyl (nsalu yapulasitiki yooneka ngati chikopa) yolimba kwambiri, choncho kawirikawiri chomwe chimayamba kutha si kava ayi, koma siponji yamkati.

Taonani pamene tatsegulapa. Siponji yasanduka yachikasu, ndipo tikaitikita ndi zala ikufumbutuka n'kutsala ufa m'manja. Mpweya ndi kutentha zimaiwononga pang'onopang'ono, ndipo munthu amene wavekapo kava yatsopano osasintha siponjiyi adzangoona chigongono chikukumbanso dzenje pamalo omwewo.

Musanamasule chilichonse, jambulani zithunzi ndi foni. Kava yakale musaing'ambe. Isomoleni bwinobwino potsata misoko, ndipo pachidutswa chilichonse mulembe ndi choko mbali yakutsogolo, chifukwa zidutswa zimenezi ndiye muyeso womwe telala adzadulire kava yatsopano. Chitsulo chamkati chikapezeka ndi dzimbiri, chipaleni ndi kuchipaka penti.

Tsopano tafika pofunika kudekha. Gulani siponji yolimba, yoti mukaidinikiza ndi chala imabwerera msanga, osati yofewa yomwe imangophwa. Iduleni mokulirapo pang'ono, mwina mamilimita 5 mbali iliyonse, kuti kava idzakhute. Anthu ambiri amaganiza kuti kuchulutsa siponji n'kukometsa ntchito, koma ife sitikugwirizana nazo: chotsamiritsa mkono chonenepa mopitirira chimakhula mipando mukachikweza, chimakoka misoko mpaka ulusi kuonekera, komanso chimachotsa maonekedwe omwe galimotoyo inabadwa nawo. M'mphepete mwa siponji musengemo ndi mpeni wautali wakuthwa kuti mukhale mozungulira, kenaka musalaze ndi sandipepa. Vinyl sibisa kanthu, kabampu kalikonse kotsala pansi kadzaonekera pamwamba. Pomaliza yalani kasiponji kopyapyala pamwamba ponse kuti kabise molumikizira.

Guluu akhale wopirira kutentha, popeza m'galimoto yotsekedwa padzuwa mumatha kutentha kupitirira madigiri 60, ndipo guluu wamba amasungunuka n'kutaya chomwe anagwira. Pakani mopyapyala mbali zonse ziwiri, pachitsulo ndi pasiponji, ndipo mudikire kufikira pamene mukamukhudza akumata koma osatsalira pachala. Chitani zimenezi pamalo opita mphepo, kutali ndi moto.

Kava yatsopano iyanikeni kaye padzuwa kuti ifewe. Vekani siponji kajumbo kopyapyala kuti kava itsetsereke mosavuta, ndipo ikalowa mukakoke kajumboko n'kukatulutsa. Yambani kava ili yotembenuza, muikhazike kunsonga, kenaka muifunyulule kutsikira kumbuyo. Apa onetsetsani zala zathu: tikulowetsa dzanja mkati n'kugonetsa nsalu yotsala ya msoko mbali imodzi yokha, yakunsi, chifukwa ikagona uku ndi uku msoko umaoneka wokhotakhota ngakhale telala atasoka mowongoka.

Pokoka, yambirani pakati kupita kumapeto, uku pang'ono uko pang'ono, ndipo mutseke kava momwe yakale inatsekedwera, monga zithunzi zija zikuonetsera. Makwinya akakanirira pakona, tenthetsani ndi chowumitsira tsitsi muli chapatali, n'kusisita ndi chikhatho. Mukayandikiza kwambiri, vinyl imayamba kunyezimira ndipo timizere take timafufutika osabwereranso.

Bowo lolowera chitsulo chomangira ku mpando liboolidwe pomalizira penipeni. Lifufuzeni ndi chala, mudule kamtanda kakang'ono, ndipo muzikulitsa pang'onopang'ono mpaka chitsulocho chitalowa mothina. Mukamangirira, kwezani ndi kutsitsa chotsamiritsa mkonocho kangapo kuti muone ngati sichikukhula mpando.