Magazi achepa, ndimwe masamba a mapeyala?

Tabweranso omvera, tiyeni tione makalata anu. Yoyamba yachokera kwa mayi wina ku Salima, akuti:

"Achimwene, ndili ndi pakati pa miyezi 6 koma ndikungotopa, ndikasenza ndowa kuchokera kumjigo mtima umangoti phaphapha, chizungulire ndiye osanena. Kusikelo anesi anandiyang'ana m'zikope ndi m'manja nkuti magazi achepa, anandipatsa timapiritsi koma ndinasiya poti chimbudzi chimatuluka chakuda bii. Apongozi akuti ndiziwiritsa masamba a mapeyala ndizimwa. Komanso dothi la pachulu ndikumalilakalaka heve."

Mayi, chimbudzi chakudacho chisakuopseni, ndi mmene amachitira mapiritsi a ayironi owonjezera magaziwo, ena amadzimbidwa nawonso kapena kumva nseru koma si chifukwa chosiyira ayi. Yambiraninso lero lomwe, ngati akukusokonezani m'mimba muzimwa mukadya. Koma osamwera tiyi, tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi, bola madzi kenako nkudya lalanje. Apongozi musakangane nawo, akukufunirani zabwino, koma kufiira kwa madzi a mapeyala aja si magazi. Muwapemphe akusakireni usipa, nyemba, bonongwe, chiwindi chikapezeka.

Dothilo nthawi zambiri ndi chizindikiro choti ayironi wachepadi, ndiye vuto lake limatha kukubweretserani njoka za m'mimba zomwe zimayamwanso magazi omwewo. Mukapita kusikelo mupemphe akuyezeni Hb, womwe ndi mulingo wa magazi m'thupi, amangobaya pachala basi. Kwa mayi woyembekezera ikatsika pa 11 ndiye kuti magazi achepa, ikapita pansi pa 7 apo zavuta kwambiri. Fansida uja osaphonya, ndipo neti ndi yogonamo osati yotchingira dimba, malungo amaswa magazi koopsa.

Ina yachokera kwa bambo wina ku Mangochi: "Mwana wanga wa zaka 9 manja ake ayera mbuu, akumagona mkalasi, ndipo mkodzo wake kumapeto umatuluka ndi magazi. Anzanga akuti ndi kukula, ndimugulire mankhwala owonjezera magazi basi."

Bambo, kumeneko si kukula. Mwana wosamba kunyanja nkumakodza magazi choyamba timaganiza likodzo, ndipo kumupatsa mankhwala a magazi okha kuli ngati kutungira madzi mumtsuko wobooka. Pitani naye akayeze mkodzo, magazi komanso malungo, likodzo mankhwala ake alipo, praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa mwana. Mukaona akupuma mwawefuwefu, mapazi atupa kapena wafooka osatha kudzuka, musadikire kuche, mwina afunika kuthiridwa magazi. Zikatero anesi amakhala akumuyeza kutentha ndi kugunda kwa mtima pafupipafupi, inuyo monga gadiyani mukaona akunjenjemera, akuyabwa kapena watentha thupi botolo lili mkati, aitaneni nthawi yomweyo osachita manyazi.

Timvereko kanyimbo kaye, tikabwera pali kalata ya agogo ena aku Dowa.