Mawu a M'mawa: Rizipa akadali pathanthwe

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Lero tiwerenge 2 Samueli 21, makamaka ndime 10.

M'masiku a Davide kunagwa njala zaka zitatu zotsatizana. Pofuna kukonza mlandu wa Sauli, yemwe anapha Agibeoni, amuna 7 a m'banja lake anaperekedwa, n'kuphedwa paphiri. Awiri mwa iwo, Arimoni ndi Mefiboseti, anali ana a mayi wina dzina lake Rizipa. Wolakwa anali wina, wofedwa n'kukhala iye. Anthu atabalalika, mayiyu anatenga chiguduli, n'kuchiyala pathanthwe, n'kukhala pomwepo. Masana ankaingitsa mbalame, usiku n'kumapirikitsa zilombo kuti zisadye mitembo. Anayamba pa nthawi yokolola balere mpaka mvula inagwa. Kumeneko balere amakolola cha mu Epulo, mvula yoyamba n'kudza cha mu Okutobala. Ngati inagwa pa nyengo yake, ndiye kuti mayiyu anatha miyezi ngati 6 ali pamwala. Pa ndime yonseyi sitimva za munthu ndi mmodzi yemwe amene anamupititsira madzi kapena phala.

Ife Amalawi maliro timawadziwa. Uthenga ukangomveka, amayi afika ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu alawirira kumanda, kwaya ichezera kuimba pasiwa. Pamenepo palibe wotiposa. Koma tikasesa, aliyense amanyamula mkeka wake, ndipo maliro a munthu wochita kuphedwa ndi pomwe amayambira.

Kumpingo kwathu kuli mayi wina, dzina ndisunge. Amuna awo ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Tsiku lina madzulo ananyamula munthu, osabwerera. Anawapeza m'mawa m'munda wa chimanga, njinga itapita. Nditakawaona mayiwo patatha miyezi ingapo, jekete ya bamboyo inali ikadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Mwana wamng'ono akamva kulira kwa njinga pamsewu amathamangirabe panja. Mayiwo anatulutsa kapepala kopindapinda m'kansalu, pomwe analembapo masiku a kukhoti. Apita kangapo, ndalama ya minibasi yochita kubwereka, n'kungouzidwa kuti mlandu wasunthidwa, abwere tsiku lina. Ndipo achibale a woganiziridwayo amatunga nawo madzi pamjigo umodzi. Tangoganizani, m'mawa uliwonse chidebe chako pafupi ndi chawo.

Si iwo okha. MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, anaphedwa mu 2018, koma chigamulo cha khoti lalikulu chinadzatuluka mu 2022. Zaka zinayi ofedwa ali pathanthwe. Ku Neno, mu Januwale 2016, agogo anayi anaphedwa tsiku limodzi powanamizira ufiti mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi. Nkhani zotere timazimva pawailesi, n'kupukusa mitu, mawa lake tili pa mtengo wa feteleza. Otsalawo ndiye sachokapo.

Tsono pali mawu ena amene ife opemphera timathamangira kunena, ndipo ndikupempha kuti tiwaleke. "Chinali chifuniro cha Mulungu." Ayi ndithu. Amene analamula kuti usaphe sangakhale amene anatuma wachikwanje. Abele ataphedwa, Mulungu sananene kuti nthawi yake inakwana. Anafunsa Kaini kuti m'bale wako ali kuti, namuuza kuti magazi a m'bale wakeyo akufuula kuchokera m'nthaka. Werengani pa Genesis 4. Ngati Mulungu mwini wake anafunsa, mayi wofedwa akamafunsa kuti wapha mwana wanga ndani sakuchimwa. Enanso timafika ndi kuti "mukhululuke basi, muiwale." Kukhululuka n'kwa m'Malemba, sindikukana, koma chilonda chikadali kutuluka magazi suchiuza kuti pola msanga. Ine ndemwe ndinalakwitsapo pamenepa. Ndinawerengera mayi wa kumpingo kwathu uja ndime ya chikhululukiro sabata yoyamba yomwe. Anangoti zikomo, maso ali pansi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi manyazi.

Nanga zija timanong'onezana pamaliro, zoti kaya ankayenda ndi ndani, kaya usiku ngati umenewo ankafuna chiyani, mukuganiza kuti anamfedwa sazimva? Amazimva, ndipo munthu wawo amaphedwa kachiwiri ndi pakamwa pathu.

Chimene anthuwa akusowa si ulaliki wautali. Akusowa wowaperekeza kupolisi kukafunsa pomwe nkhani yafika, chifukwa munthu wosweka mtima amaopa ngakhale kugogoda pachitseko cha ofesi. Kupolisi kuli ofesi yothandiza ovutitsidwa, ija amati Victim Support Unit, ndipo ambiri sadziwa kuti angathe kufikako. Akusowa wokhala nawo pabenchi ya kukhoti tsiku loonana maso ndi maso ndi wowaphera munthu. Akusowa wolimako mizere ingapo kumunda, wogulira mwana yunifomu, wotchula dzina la malemuyo mosachita mantha. Amayi a Mvano, a Dorika, a m'mphakati, chipepeso tinapereka kale, inde, koma mwezi wachitatu uja pakhomo pali zii ndani amapitako?

Davide atamva zimene Rizipa ankachita, ananyamuka. Anakatenga mafupa a Sauli ndi Yonatani ku Yabesi Gileadi, anasonkhanitsanso a ophedwa aja, ndipo maliro anaikidwa mwaulemu. Pambuyo pake m'pamene Mulungu anamva mapemphero opempherera dziko.

Tipemphere. Atate, Inu munaona Mwana wanu akuphedwa, amayi ake ataima pafupi ndi mtanda. Kumbukirani onse amene adzuka lero pali mbale imodzi yosowa mwini. Limbitsani mboni zisaope, ndipo oweruza asachedwe. Ife mutichotse ulesi wa miyendo. M'dzina la Yesu, Amen.

Mlandu wa mayi uja ukulowanso Lachinayi. Ine ndikwera nawo minibasi ya 6 koloko, ndipo mpando wina ulipo.