Foni yapita, ndipo yapita ndi liwu la mayi anga

Muli bwanji abale anga, kulikonse kumene mukundimvera. Pepani phokoso, lero ndikujambula pa foni yobwereka kwa mnzanga amene timagona chipinda chimodzi. Yanga inapita Lachisanu.

Osaka alendo opanda mapepala anabwera m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko. Inu a kuno ku Joni mukudziwa kale mmene zimakhalira, sindichita kufotokoza. Tochi kumaso, chitseko kugogoda ndi nsapato, aliyense kuona msana wa njira. Ine ndinalumpha mpanda wa kuseri, ndipo ndikuuzeni, ndi zaka 41 zangazi ndinauluka ngati kamnyamata ka sukulu. Aja amandiseka mimba aja akanaona. Koma potera pansi foni inapulumuka m'thumba. Ndinaimva ikugwa, sindinacheuke. Pobwerera dzuwa litatuluka ndinapeza kava yokha.

Foni ndigula ina, imeneyo si nkhani. Chandisowetsa tulo ndi ma voice note a mayi anga. Analipo 9. Mayi anatisiya chaka chatha, ndipo ine ndinawatsanzika pa video call nditabisala kuseri kwa mulu wa njerwa kuntchito. Za backup musandilembere chonde, andiuza kale anthu asanu. Uthenga wautali unali wa mphindi ziwiri, akundikalipira kuti sindiimba foni, chapatali tambala akulira. Kumapeto anatsokomola, kenako n'kufunsa wina pambali kuti, "Iwe, ichi ndizimitsa pati?" Ndinkaumvera mu takisi pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha funso lomalizalo.

Loweruka usiku ndinagona chagada kuyesa kuwamva m'mutu. Zimene ananena ndikuzidziwa pamtima, mawu ndi mawu. Koma liwu lenilenilo silikubwera. Ndikayesa ndikumva langa lomwe likuwayeseza. Apa mantha anandigwira. Ndakhala kuno zaka 11. Pa zonse zimene ndimati ndikukumbukira za kwathu, zenizeni ndi zingati, nanga zimene ndazimata ndekha pofotokozera anthu ndi zingati?

Kunena za kuiwala, mwandikumbutsa bwana wina. Ndinamuikira matailosi milungu itatu, nyumba yonse ndi mabafa awiri. Tsiku lolandira akuti sakukumbukira kuti tinagwirizana ndalama zimenezo. Mwezi watha ndakumana naye, ndamupatsa moni, akundiyang'ana ngati akuona chipupa. Munthu amene amasamba m'mawa uliwonse ataponda ntchito ya manja anga! Matenda oiwalawa amagwira mabwana okha, ndipo amayamba mwezi ukamatha. Amadziwa kuti wopanda mapepala sakadandaula kulikonse. M'makompyuta a kuno dzina langa mulibe. Ukafunsa boma, ine kulibe. Nanga amene analumpha mpanda uja anali ndani?

Pali munthu wina wa ku America, Henry Molaison, amene nkhani yake sinandichoke chiimvereni. Ankadwala khunyu. Mu 1953, ali ndi zaka 27, anamuchita opaleshoni n'kumuchotsa kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, mbali zonse ziwiri. Khunyu linachepa, koma kuyambira pamenepo chatsopano sichinkakhalanso m'mutu mwake. Mucheze naye, mutuluke panja pang'ono, mubwerere, akulandirani ngati mlendo. Anakhala choncho zaka 55, mpaka anamwalira mu 2008. Tsono mayi wina wofufuza za ubongo, Brenda Milner, anamupatsa ntchito yotsata mizere ya nyenyezi ndi pensulo, akuona dzanja lake pagalasi pokha. Yesani, n'zovuta. Tsiku lotsatira Henry sankakumbukira kuti anachitapo zimenezi, koma dzanja linkapita likuwongoka. Mutu unataya, dzanja linasunga.

Ndatchula zimenezi chifukwa dzulo ndimachapa. Ndinadzipeza ndikufinya malaya, kupotokola kawiri, kukutumula, n'kuyanika chozondotsa. Ndinaima ndi malaya m'manja, madzi akudontha pa mapazi. Kuno palibe anandiphunzitsa zimenezo. Ndi mayi aja. Sindikumbukira n'komwe tsiku limene anandionetsa.

Agiriki akale anali ndi mwambi wa chombo cha Theseus, ngwazi ya m'nthano zawo. Anthu a ku Athens ankachisunga, thabwa likaola n'kuikapo lina, mpaka lakale silinatsale ngakhale limodzi. Anzeru awo n'kumakangana kuti kodi chikadali chombo chomwecho. Ine ndikadziyang'ana ndimaseka. Kuntchito amanditchula dzina lina chifukwa langa limawavuta lilime. Mu takisi ndimayankhula Chizulu kuti asandizindikire. Mano awiri anatsala kuno. Amene anawoloka malire pa Beitbridge ndi kachikwama kamodzi uja, atandiona lero, kaya angandipatse moni.

Inu achinyamata mwangofika kumene, ndimvereni. Mukuti zaka ziwiri zokha, mupeze kangachepe, mubwerere. Tonse tinatero. Palibe anachoka kwawo atalumbira kuti adzakhala mtchona. Utchona umabwera mwakachetechete, mwezi uno ulibe ya basi, mwezi wamawa ukuchita manyazi kupita chimanjamanja, kenako ukupeza ana amene unawasiya akukwawa akulemba mayeso. Imbani foni. Ngakhale mulibe choti mutumize, imbani. Manyazi a m'thumba asakutsekeni pakamwa, chifukwa ine anandiwonongera miyezi imene sindingaigulenso. Mayi sankakalipa chifukwa cha ndalama ayi. Ine ndi amene ndinkaganiza kuti munthu wopanda chotumiza alibenso chonena.

Kale mukanandifunsa kuti ndimadzukiranji 5 koloko, ndikanayankha msanga kuti ndi mayi. Chaka chino ndimadzukabe nthawi yomweyo, ndipo masiku ena ndimakhala pa bedi nsapato imodzi ili kuphazi, osadziwa kuti ndikupita kukatani. Pepala sandiwerenga, bwana sandikumbukira, amene anandibereka kulibe. Koma mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya ali ndi zaka 3, pano 14, anandilembera pa nambala ya mnzangayi atamva za chipwirikiti chija. Akuti, "Adadi, tumizani voice ndimve kuti muli bwino." Ndinakhala chete kanthawi. Mwanayu wandiona maso ndi maso kawiri kokha chichokereni. Kwa iye inenso ndine liwu la m'foni. Ndinamujambulira wa mphindi zinayi, zopanda mutu, za mpanda uja ndi mimba yanga.

Ndauza achemwali anga kuti afufuze foni yakale ya mayi, mwina zimene ankatumiza zikadalimo. Akuti ili m'sutikesi, batire linatupa, aona ngati wokonza mafoni angaiyatse. Ndikudikira. Mwini foni uyu wayamba kundiyang'anitsitsa, akufuna aimbire akazi ake.