Ndowa imodzi, abale

Mawu a m'mawa: Deuteronomo 25:13-15

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye? Ndimeyi mukuidziwa kale: m'nyumba mwanu musakhale miyeso iwiri, wina waukulu wina waung'ono. Lero tiyeze ndi ndowa imodzi.

Amene mudagulitsapo chimanga kwa mavenda simufunika kukuuzani. Nthawi yokolola amabwera ndi ndowa yotambasuka m'mimba, ndipo amafuna muthire mpaka chiyambe kutayikira pansi. Ikafika Januwale, njala italuma, munthu yemweyo amatulutsa ina yopondedwa kunsi, n'kusalaza pamwamba ndi dzanja. Timadandaula kuti ndi mbava. Koma ndowa ziwirizi ambirife tili nazo mumtima. Mwana wa mnzathu akaba ndi wakuba, wathu akaba "wangosocheretsedwa ndi anzake".

Sabata ino ndakhala pa unkhoswe wa mng'ono wanga. Mlamu wanga akudandaula kuti ndalama za geni yake ya mandasi zikumatha osadziwa kolowera, ndipo zimene akunenazo ndi zoona. Anakhala pamkeka maso ali pansi, akupotokola nsonga ya chitenje ndi chala, mawu ake ochepa. Usiku foni yanga sinapume. "Achimwene, magazi ndi magazi, musamuyalutse mwana pamaso pa akuchikazi." Ngakhale mayi anangoti, "Ndi mng'ono wako ameneyo." Palibe amene wanena kuti ndiname. Akungopempha kuti nditulutse ndowa yaing'ono ija.

Tulo titasowa ndinakumbuka a Andrew Nyirenda, amene anali mkulu wa oweruza milandu m'dziko muno. Sindikukamba za chipani ayi, musandiyankhe ndi ndale m'gulu muno. Ndikukamba za munthu ndi ndowa yake.

Bambowa anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College, n'kuyamba ngati loya wa boma. Anakhala jaji wa High Court m'chaka cha 1994, anakwera kupita ku khothi la apilo la Supreme mu 2008, ndipo mu 2015 pulezidenti Peter Mutharika anawasankha kukhala mkulu wa makhothi onse. Zaka zonsezo anali kuwerenga milu ya mafayilo, kumva mbali iyi, kumvanso inayo, pa milandu ya anthu amene ife sitidzawadziwa mayina. Ntchito ya jaji wa apilo ndi yomweyo: kuyezanso chimene wina anayeza kale, kuona ngati ndowa inali yoona.

Ndiye inafika 2020. Pa 3 Febuluwale majaji asanu anagamula kuti chisankho cha pulezidenti cha mu Meyi 2019, chija cha tipeksi, sichinayende bwino ndipo chichitikenso. Chigamulocho chisanatuluke, a Nyirenda anali atakanena kale ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB kuti pali ena akufuna kupereka ziphuphu kwa majajiwo. Apilo itabwera ku Supreme, iwo ndi anzawo anagwirizana ndi chigamulo choyamba pa 8 Meyi. Taganizani bwino pamenepa. Wodandaula mmodzi pa apiloyo anali munthu amene anawapatsa mpando. Ndowa sinasinthe.

Sizinapite ulele. Mu Juni chaka chomwecho boma linalengeza kuti apite kutchuthi mpaka nthawi yopuma pantchito. Khothi linaletsa, maloya anayenda m'misewu atavala mikanjo yawo yakuda, ndipo a Nyirenda anakhalabe pampando mpaka anapuma kumapeto kwa 2021, atakwanitsa zaka 65. Ine sindikuti ndi mngelo, zamumtima amadziwa ndi Mulungu. Koma tsiku la apilo lija anayeza wamkulu ndi muyeso womwe akanayezera wamng'ono.

Inu mayi a chigwirizano, pokamba za mtsikana wa kwaya amene watenga mimba, ndowa yake ndi yomwe munayezera mwana wanu chaka chatha? Inu akulu a mpingo, wopereka chakhumi chambiri akalakwa, bwanji mumasalaza ndi dzanja? Abwana kuntchito, wachibale akachedwa mumaseka, mlonda akachedwa mumadula malipiro. Ndikunena mwachikondi, pakuti inenso foni ikulirabe, ndipo kukana mayi ako si chinthu chopepuka. Jaji ali ndi apolisi omulondera pakhomo. Nkhoswe imakadya nsima ndi anthu omwe yawakhumudwitsa.

Komabe tayani ndowa yachiwiriyo. Musaisunge kuseri kwa chitseko kuti mwina idzafunika. Yehova amene analetsa miyeso iwiri ndi yemwe adzatiyeze tonse, ndipo Ambuye Yesu anati muyeso umene tiyezera ena ndi umene tidzayezedwa nawo.

Loweruka tikukhalanso pansi ndi akuchikazi. Mundikumbukire m'mapemphero, mukumbukirenso mlamu wanga ndi mng'ono wanga, pakuti onse awiri ndimawakonda. Tsiku labwino nonse.