Uyamba mmera, zitsata ngala

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, aphunzitsi ndi makolo a kuchigwa cha Shire kuno, kuyambira ku Thabwa, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Marka. Mawu athu a lero achokera pa Marko 4:26-29.

Ambuye Yesu akunena za munthu wofesa mbewu. Munthuyo amagona usiku, kukacha n'kudzuka, ndipo mbewu ija imamera n'kumakula iye osadziwa kuti zikutheka bwanji. Umayamba mmera, zimatsata ngala, kenako maso okhwima m'ngalamo, ndipo zikacha mwini munda amabwera ndi zenga. Fanizo limeneli limapezeka mwa Marko yekha, ndipo mutu wake ndi Ufumu wa Mulungu. Tisalikhotetse kuti likhale la sukulu. Komabe Mulungu amene anaika dongosolo limeneli mu Ufumu wake ndi yemweyo amene anaumba mwana wakhala pa benchi m'kalasi mwanu m'mawa uno. Wolima mapira aliyense kuno akudziwa kuti sungakoke mmera kuti ngala zituluke msanga. Ukaukoka umazuka.

Sukulu zazing'ono zachikhristu zotsata kaphunzitsidwe kakale zinaima pa maphunziro atatu amene anachokera kwa Agiriki ndi Aroma, mpingo n'kuwasunga kwa zaka mazana ambiri ndi dzina lachilatini loti trivium: galamala, kulingalira, ndi luso la kulankhula. Mu 1947 mayi wina wolemba mabuku wa ku England, Dorothy Sayers, anapereka ganizo loti atatuwa aziyendera msinkhu wa mwana. Wamng'ono amakonda kuloweza ndi kuimba, wosinkhukirapo amakonda kufunsa ndi kutsutsa, ndipo wachinyamata amafuna kuti amveke. Kwathu kuno tinganene kuti gawo loyamba ndi Sitandade 1 mpaka 5, lachiwiri Sitandade 6 mpaka Fomu 2, lachitatu Fomu 3 ndi 4. Malirewa si khoma ayi. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi naye amafunsa kuti "chifukwa chiyani?" ndipo ayenera kuyankhidwa.

Tiyambe ndi mmera, ndiko kuti gawo loyamba lija, poti ntchito yambiri yagona pamenepo.

Vesi yoloweza imafuna mphindi khumi patsiku, osapitirira. Aphunzitsi, yambani mwainena yonse kawiri, pang'onopang'ono, n'kufotokoza mawu alionse achilendo. Kenako iduleni m'zigawo za mawu anayi kapena asanu. Nenani chigawo choyamba, ana abwereze katatu. Onjezani chachiwiri, abwereze zonse ziwiri pamodzi. Muzitero mpaka ithe. Ngati ana ayamba kale kuwerenga, ilembeni pa bolodi n'kumafufuta liwu limodzilimodzi iwo akuinenabe, mpaka bolodi itsale yoyera. Chimene ambiri amaphonya ndi kubwererako. Vesi ya Lolemba inenedwenso Lachiwiri, Lachisanu, sabata yotsatira, komanso pakatha mwezi. Popanda kutero mumafika kumapeto kwa teremu mutaphunzitsa mavesi khumi ndi awiri, koma mwana watsala ndi awiri omaliza basi.

Pali chinyengo china chimene chimabisala m'kunena mawu pamodzi. Kalasi yonse ikamafuula "ba, be, bi, bo, bu" zimakoma kumva, mlendo wodutsa panja amagwedeza mutu kuti pano pali maphunziro. Koma yang'anitsitsani milomo. Ana atatu kapena anayi ndiwo akutsogolera, ena akungotsatira kumbuyo kwa mawu a anzawo, ndipo wina akungoyendetsa milomo chabe. Mwana woteroyo angathe kutha chaka chonse osagwidwa. Njira yomupezera ndi yosavuta: lembani maphatikizo pa timapepala, asakanizeni, muitane ana mmodzimmodzi. Wodziwa nyimbo yokha mukamulozera "bo" amayambira pa "ba" chamumtima kuti akafike pamenepo. Mukamugwira musamuchititse manyazi. Mukhazikeni kutsogolo, mumupatse mphindi zisanu zakezake tsiku lililonse anzake akulemba.

Ana akayamba kulumikiza mawu, muziwayesa kamodzi pa masabata awiri alionse. Mpatseni mwana ndime yoti sanaionepo, awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, inu mukulemba chizindikiro pa liwu lililonse limene walakwitsa. Lembani tsiku ndi chiwerengero cha mawu amene wakhoza, kenako mumufunse mafunso awiri pa zimene wawerenga. Ndime ikhale yatsopano ndithu, chifukwa ana amaloweza tsamba lonse la buku n'kumaliwerenga maso ali kudenga. Ndipo musangowerenga zolakwa, onani mtundu wake. Mwana amene amati "pala" pamene palembedwa "phala", kapena "kola" pamene pali "khola", vuto lake ndi chilembo cha h, ndipo masiku ochepa oyeserera mawu awiriawiri oterewa amachiza. Wosokoneza "ng" wa ngoma ndi "ng'" wa ng'ombe sanauzidwe ntchito ya kachizindikiro kapamwambako. Amene amaona chilembo choyamba n'kungopeka liwu lonse akufunika kubwerera ku maphatikizo, ngakhale atakhala mu Sitandade 3.

Masamu nawonso ali chimodzimodzi. Mwalemba pa bolodi kuti 52 kuchotsapo 38. Mwana walemba 26, molimba mtima, manambala ake aukhondo. Sanangopeka. Waona 2 pamwamba ndi 8 pansi, n'kuganiza kuti chachikulu sichingachoke pa chaching'ono, ndiye watembenuza: 8 kuchotsapo 2, wapeza 6, kenako 5 kuchotsapo 3, wapeza 2. Mukangothetha ndi cholembera chofiira n'kulemba 14, mawa abwereza zomwezo. Mupatseni mitolo isanu ya timitengo khumikhumi yomanga ndi luzi, ndi timitengo tiwiri tapadera, mumuuze kuti akupatseni timitengo 38. Apereka mitolo itatu, n'kuima. Muyang'aneni, musamuthandize msanga. Pakapita kanthawi dzanja lake lipita pa mfundo ya mtolo umodzi n'kumasula. Akamasula yekha, wamvetsa kubwereka, ndipo ulendo wina akadzalemba pa pepala adzadziwa chimene kanambala kakang'ono kolembedwa pamwamba pobwereka kakuimira.

Tinenenso za chilankhulo, poti nkhaniyi ndi yathu kwambiri kuno. Ana ambiri a ku Nsanje ndi mbali zina za Chikwawa kunyumba amalankhula Chisena. Akafika mu Sitandade 1 akumva Chichewa cha m'buku, pambali pali Chingerezi. Mwana wotere akakhala duu masabata oyamba si kuti ndi mbuli, akumvetsera. Muloleni ayankhe m'chilankhulo cha amayi ake, inu mubwereze yankho lakelo m'Chichewa mopanda kumudzudzula. Sukulu zotsata trivium kumayiko akunja zimakonda kuyambitsa Chilatini ana akadali aang'ono, ndipo ena amafuna kutengera zimenezo msanga kuti sukulu imveke yapamwamba. Ife tikuti dikirani. Mwana ayambe wawerenga Chichewa mosadodoma, Chingerezi chigwire, kenako Chilatini chidzamuthandiza kumvetsa mizu ya mawu ambiri a Chingerezi. Chikabwera msanga chimangokhala phokoso lina loloweza.

Ngala zimayamba kuoneka mwana akayamba kutsutsa. Apa makolo ambiri amadandaula kuti mwana wayamba mwano. Nthawi zina ndi mwanodi, ndipo uyenera kudzudzulidwa. Koma kumbukirani Luka 2:46: Yesu ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anapezeka m'Kachisi pakati pa aphunzitsi, akuwamvetsera ndi kuwafunsa mafunso. Kumvetsera kunayamba, kufunsa kunatsata, ndipo vesi 51 ikuti anabwerera ku Nazarete n'kumawamvera makolo ake. Kufunsa ndi ulemu zimakhalira limodzi.

Pa msinkhu umenewu lembani pa bolodi ziganizo zitatu izi: "Ng'ona zonse zimakhala m'madzi. Mvuu imakhala m'madzi. Choncho mvuu ndi ng'ona." Mwana aliyense wokulira m'mbali mwa Shire aseka, poti akudziwa kuti ndi bodza. Ntchito yake ndi kufotokoza pamene bodzalo lalowera, popeza ziganizo ziwiri zoyambazo n'zoona. Akafika ponena kuti kukhala m'madzi si kwa ng'ona zokha, wagwira mfundo imene idzamuteteza moyo wake wonse. Mawa wina akadzamuuza kuti "atumiki a Mulungu amachita zozizwitsa, uyu wachita chozizwitsa, choncho ndi wa Mulungu", adzazindikira kuti ndi mvuu ija yabweranso, ndipo adzatsegula Mateyu 7:21-23.

Za gawo lachitatu tingonena mwachidule. Wophunzira wa Fomu 3 aimirire kamodzi pa sabata, alankhule mphindi zitatu wopanda pepala: mfundo imodzi, zifukwa ziwiri, ndi yankho kwa wotsutsa. Mitu ichokere pakhomo pomwepa, monga ngati anthu a kumalo osefukira madzi asamukire kumtunda kapena ayi. Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, amene anabadwa mu 354, anali mphunzitsi wa luso la kulankhula ku Carthage, Rome ndi Milan asanatembenuke mtima, ndipo pambuyo pake anaphunzitsa kuti lilime lakuthwa litumikire choonadi. Mnyamata wodziwa kukopa anthu koma wosaopa bodza ndi woopsa kuposa wosadziwa kulankhula.

Dera lathu lili ndi mavuto ake amene buku lolembedwa kwina silingakuuzeni. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kuno kumafika madigiri 40 ngakhale kupitirira, ndipo pansi pa malata mutu wa mwana umaleka kugwira dzuwa likangokwera. Kuwerenga ndi masamu zichitike 10 koloko isanakwane. Kuimba, kujambula ndi nthano zipite kumapeto, pansi pa mtengo ngati kungatheke. Ndowa ya madzi akumwa yovindikira ikhale pakhomo la kalasi. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka, mwana wogona pa desiki mumufunse kaye ngati wadya musanamukalipire, ndipo gwirani pamphumi, mwina ndi malungo.

Madzi osefukira tikuwadziwa: Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Freddy mu Malichi 2023. Sukulu zambiri zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ana n'kukhala masabata osaphunzira. Cholakwika chachikulu sukulu ikatsegulidwanso ndi kuyambira pamene silabasi inalekera n'kumathamanga kuti mupeze nthawi yotayika. Sabata yoyamba ikhale yoyesa mwana aliyense payekha ndi yobwereza zakale. Ena mudzawapeza abwerera m'mbuyo, makamaka aang'ono amene anali atangoyamba kulumikiza maphatikizo. Ena adzangokhala phee mvula ikayamba kugunda padenga. Amenewo akufunika nyimbo ndi pemphero kaye, masamu pambuyo. Ndipo mvula isanayambe, kaundula ndi makope a zotsatira za ana muziika m'jumbo yapulasitiki n'kupachika kudenga.

Zotsatirazo ndizo maso a mphunzitsi. Pa kalasi ya ana khumi ndi awiri, kulengeza pa tsiku lotsekera kuti uyu ndi nambala wani, uyu nambala 12, kumanena zochepa kwambiri. Wa nambala 12 angakhale atachoka pa mawu asanu pa mphindi kufika pa makumi awiri, pamene nambala wani wangoima pomwe anali. Sungani tsamba limene mwana analemba sabata yoyamba ya Seputembala, mudzaliike pambali pa la mu Julayi, makolo adzaone ndi maso awo. Lembaninso zimene mayeso a MANEB sadzafunsa: tsiku limene mwana ananena kuti "sindinamve, aphunzitsi" m'malo mokopera kwa mnzake, tsiku limene anabweza pensulo yotola. Luka 2:52 akutchula kukula m'nzeru, mu msinkhu, ndi m'chisomo pamaso pa Mulungu ndi anthu, zonse pamodzi.

Inu aphunzitsi amene mwachita zonsezi koma pali mwana mmodzi amene simukuona kusintha kwake, werenganinso 1 Akorinto 3:6-7. Paulo anadzala, Apolo anathirira, wokulitsa anali Mulungu. Gawo lanu ndi kukonzekera phunziro, kuyesa moona, ndi kubwereza mosatopa. Mukatero kagoneni ndi mtendere. Musamuwonjezere malikisi kuti makolo asangalale, ndiponso musamutchule dzina loipa. Ngati pakatha teremu yathunthu palibe kusuntha, muyeseni maso ndi makutu: muimikeni kumbuyo kwa kalasi awerenge za pa bolodi, mumuitane motsitsa mawu ali chofulatira. Ana ena amene timati ndi ogona, vuto n'kusaona bwino kapena khutu lotuluka mafinya, ndipo ofunika kupita nawo kuchipatala.

Makolo, gawo lanu lili pa Deuteronomo 6:7, pamene akuti mawu a Mulungu muziwalankhula kwa ana anu muli m'nyumba, muli pa njira, pogona ndi podzuka. Madzulo ano mukatha kudya, mufunseni mwana kuti akufotokozereni chinthu chimodzi chimene waphunzira, m'mawu akeake, buku litatsekedwa. Ngakhale inu simudziwa kuwerenga, mungathe kumva ngati nkhani yake ili ndi mutu ndi mchira. Akangoti "taphunzira masamu", mufunseni kuti akuonetseni ndi nyemba.

Tiyeni tipemphere. Atate, tikupereka kwa Inu ana amene akuyenda mtunda wautali m'mawa uno, ndi amene akuwoloka madzi kuti akafike kusukulu, muwateteze panjira. Mukumbukire amene achoka kunyumba osalawa kanthu. Mupatse aphunzitsi athu chipiriro ndi thanzi m'kutentha kuno, ndipo makolo amene akusowa fizi muwatsegulire njira. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.